Pulogalamu ya mbiri ya Peng Dehuai: ndidule pati, ndikhulupirire zolemba ziti?

Mayi Nangozo:
Anzanga a ntchito ya wailesi, ndikupempha nzeru zanu. Ndapatsidwa mphindi 15 zoti ndifotokoze moyo wa Peng Dehuai, mmodzi mwa akuluakulu a asilikali a dziko la China, koma zimene ndalemba zapitirira kutali nthawi imeneyi. Vuto lachiwiri ndi lakuti zolemba za chipani cha Komyunizimu cha China sizikugwirizana, pakuti zina zikumutcha mdani wa chipani pamene zina zikumutamanda. Mkonzi wanga akufuna kuti ndichotse za nkhondo zonse, nditsale ndi kalata yokha imene Peng analembera Mao Zedong, mtsogoleri wa chipanicho, mu 1959 yonena zolakwika za ndondomeko za chipani, koma mtima wanga sukuvomera.

Bambo Chisale:
Mayi Nangozo, ndiyambe ndi vuto lachiwirilo popeza ndilo lopepuka. Muziyang'ana chaka chimene cholembacho chinatuluka. Kuyambira pa msonkhano wa akuluakulu a chipani wa ku Lushan mu 1959, pamene Peng anachotsedwa pa unduna wa zachitetezo ndipo malo ake anatenga Lin Biao, mpaka mu December 1978 pamene chipani chinayeretsa dzina lake, zolemba za boma zinkamudzudzula. Mu 1981 chipanicho chinavomera poyera kuti chigamulo cha ku Lushan chinali cholakwika. Chitsanzo chabwino ndi nkhondo imene iye anatsogolera mu 1940 yophwanya njanji ndi misewu imene asilikali a Japan ankadalira kumpoto kwa China. Panthawiyo anayamikiridwa, koma atagwa m'mavuto nkhondo yomweyo inasanduka mlandu, akuti anaulula mphamvu za asilikali ake kwa adani. Pamene mukutchula chiweruzo chilichonse, muuze omvera chaka chake ndi amene anachipereka.

Mayi Nabanda:
Ine sindikugwirizana ndi mkonzi wanuyo, ngakhale ndikumvetsa kuti nthawi ikumupanikiza. Kalata ija ikachotsedwa pa mbiri ya usilikali imatsala yopanda kulemera, chifukwa womvera sangadziwe chimene chinachititsa Mao kuiopa. Amene analemba sanali kalaliki wamba. Anali munthu wobadwira m'banja losauka ku Xiangtan m'chigawo cha Hunan mu 1898, amene anagwira ntchito m'migodi ya malasha ali mwana, nalowa usilikali mu 1916, nagalukira akuluakulu ake ku Pingjiang mu 1928 kupita ku mbali ya Achikomyunizimu. Anayenda ndi Mao ulendo wautali wa asilikali Achikomyunizimu (Long March) wa 1934 mpaka 1935, anakhala wachiwiri kwa Zhu De, mkulu wa asilikaliwo, pa nkhondo yolimbana ndi Japan, ndipo mu October 1950 ndiye anatsogolera asilikali a China kuwoloka mtsinje wa Yalu kukamenya nkhondo ya ku Korea. Mu 1955 anapatsidwa udindo wa Marshal, wapamwamba kwambiri pa usilikali, pamodzi ndi anzake 9, iye ali wachiwiri pa mndandanda. Zonsezi zikhoza kukwana m'mphindi 4 ngati simutchula mayina a magulu a asilikali ndi mizinda yonse imene analanda.

Mphindi zochuluka muzisungire ulendo wake wa kwawo ku Hunan kumapeto kwa 1958. Kumeneko anaona ndi maso ake zimene ndondomeko ya Mao yofuna kutukula ulimi ndi mafakitale mwachangu, yotchedwa Great Leap Forward, inkachita kwa alimi: ng'anjo zing'onozing'ono zosungunulira zitsulo zili kuseri kwa nyumba, mapoto a m'khitchini ataponyedwa m'menemo, mbewu zikuonongeka m'minda chifukwa anthu atengedwa kukasonkhezera moto, kwinaku akuluakulu a m'madera akutumiza ku Beijing ziwerengero zokokomeza za zokolola. Womvera wa kumudzi adzamvetsa zimenezi msanga kuposa dzina la nkhondo iliyonse.

Bambo Mwale:
Ndikuvomereza zimene anena Mayi Nabanda, koma ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi chimene ndimachiona kawirikawiri m'mapulogalamu otere. Musamusandutse Peng munthu wopanda banga. Mu 1958, chaka chimodzi asanagwe, iye ndiye anatsogolera msonkhano wa akuluakulu a asilikali umene unadzudzula anzake awiri a usilikali: Su Yu, yemwe anachotsedwa pa udindo wake, komanso Liu Bocheng, yemwe anakakamizidwa kudzitsutsa pamaso pa anzake. Njira imene inamugwetsa ku Lushan anali ataigwiritsapo ntchito iye mwini pa anthu ena. Ziganizo ziwiri zokha pa nkhaniyi zikukwanirani, koma zisasowe.

Komanso musanene kuti Peng anaukira Mao poyera. Kalata ya pa 14 July 1959 inali yopita kwa Mao yekha, ndipo inayamba ndi kuyamikira zimene zinayenda bwino isanafike pa zolakwika. Mao ndiye anaigawa kwa nthumwi za msonkhano, kenako pa 23 July anaitsutsa mwaukali. Akuluakulu ena a chipani, Huang Kecheng, Zhang Wentian ndi Zhou Xiaozhou, anagwa pamodzi ndi Peng.

Mayi Nangozo:
Zikomo nonse, tsopano ndaona pogwira. Ndatsala ndi funso la mapeto. Kodi ndilekezere pa imfa yake kapena pa 1978, ndipo nditani ndi chiwerengero cha anthu amene anafa ndi njala imene inabwera chifukwa cha Great Leap Forward?

Bambo Chisale:
Fikani pa 1978, chifukwa mukalekezera pa imfa womvera sadzadziwa chimene zolemba za lero zikumutamandira. Fotokozani mwachidule kuti mu 1965 anatumizidwa ku Sichuan, kuti achinyamata otsatira Mao otchedwa Red Guards anamugwira ku Chengdu mu December 1966 n'kumutengera ku Beijing komwe anamenyedwa pamisonkhano ya anthu ambiri, ndiponso kuti anamwalira ndi khansa pa 29 November 1974 akadali womangidwa. Mwambo womukumbukira unachitika pa 24 December 1978, ndipo Deng Xiaoping, mmodzi mwa atsogoleri a chipani, ndiye analankhula. Pa za njala ya 1959 mpaka 1961, akatswiri amapereka ziwerengero zosiyana, choncho nenani kuti anafa anthu mamiliyoni makumi angapo, ndipo ngati mkonzi akufuna nambala, mutchule pa wailesi dzina la katswiri amene mwaitengako.