Bala la hernia likutuluka mafinya, rede ndiichotse?

Técnico wa bloco (chipinda cha opaleshoni): Anzanga thandizeni, mutu waima. Bambo wa zaka za m'ma 50, mlimi wa mbatata wochokera cha ku Tsangano, tinamupanga opaleshoni ya hernia inguinal (ya m'mphechepeche) kumanja, njira ya Lichtenstein yoika rede (kaukonde kotsekera pobooka) ya polipropileno, mtundu wa pulasitiki. Patha milungu isanu. Lero wabwera bala litafiira, likutentha, kumunsi kwake kuli kabowo kotuluka mafinya ukangodina. Thupi latentha 38,2. Kunyumba wakhala akumwa amoxicilina wogula pamsika osatiuza. Ecografia (makina ounikira mkati mwa thupi) tilibe. Nditsegule kapena ndiyambe cloxacilina (mankhwala opha tizilombo) ndidikire?

Mdala wa cirurgia: Chotsani rede mwana wanga. Chinthu chachilendo chikagwidwa ndi Staphylococcus, tizilombo timamatirira pa ulusi ndipo mankhwala safikapo.

Enfermeira wa ku Moatize: Achimwene, shuga mwamuyeza? Nanga HIV, fodya? Musanasinthe mankhwala tengani mafinya a cultura (oti akamereze tizilombo ku laboratório, tidziwike), a mkati mwenimweni, osati opukuta pakhungu. Amoxicilina uja akhoza kusokoneza zotsatira, komabe tengani.

Dotolo wa ku Tete: Akulu, ndi ulemu wonse, polipropileno ya mabowo akuluakulu nthawi zambiri imapulumuka. Ikanakhala rede ya ePTFE, ya timabowo ting'onoting'ono, ndikanagwirizana nanu. Tsegulani khungu kaye, mafinya atuluke, tsukani ndi soro (madzi a mchere a m'dripi), muone ngati matenda adutsa aponeurose (chikopa cholimba cha minofu chimene chaphimba rede). Ngati ali pamwamba pokha, rede musaikhudze, bala likhale lotseguka, penso (kutsuka ndi kumanga bala) tsiku ndi tsiku. Mukaipeza ikuyandama m'mafinya, yosagwirana ndi mnofu, apo ndiye nkhani ina.

Mdala wa cirurgia: Ikuyandama kale imeneyo, mudzandiuza. Chotsani.

Técnico wa ku Macanga: Chenjerani ndi kuchotsako. Ine ndinalandirapo mnyamata amene anamuchotsa rede kwina kwake mothamanga, usiku, magetsi atazima, akuunikira ndi foni. Rede inali itakulunga cordão (chingwe chopita ku tchende), pokoka anadulira limodzi mitsempha ya magazi. Patapita miyezi tchende linafota, banja linabwera ndi mfumu ya m'mudzi kudzafunsa mlandu. Mpaka lero ndikaona inguinal yobwereza manja amandizizira. Ngati mulibe wokuthandizani wodziwa, lembani transferência (kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu), mtunda wa ku Tete usakuopseni.

Enfermeira wa ku Moatize: Komanso anzathu ena akangoona chotupa pa bala amathamangira jakisoni kukapopa. Seroma (madzi osonkhana pansi pa bala) yosafiira, yosapweteka, isiyeni iphwe yokha, singano ndi imene imalowetsa tizilombo. Uyu wa lero ndi mafinya enieni, ndikungokumbutsa ophunzira ali muno.

Dotolo wa ku Tete: China. Kabowo kakapanda kuuma kwa miyezi, cultura osamera kanthu, ganizirani micobactéria atípica (tizilombo tachibale ndi ta TB), zija zimabwera ndi zida zosawiritsidwa bwino. Pemphani Ziehl-Neelsen, kuyeza kozifufuza pa microscópio. GeneXpert (makina oyezera TB) ikanena kuti mulibe musakhazike mtima pansi, imafufuza ya TB yokha. Ndipo mukaona zotuluka zobiriwira, zonunkha chimbudzi, ndi fístula ya matumbo (thumbo labooka, likutulutsira pa bala), musayese nokha.

Mdala wa cirurgia: Zonsezo muchita, kenako mudzaichotsabe, wodwala atataya nyengo yolima akuyendera penso. Ndipo musaike ina tsiku lomwelo.

Técnico wa ku Macanga: Apo pokha tagwirizana akulu. Koma poti mwatchula zowiritsa, rede yotsala mukadula mumaitani? Ndamva ena amaisunga n'kuibwezera mu autoclave (makina owiritsira zida).

Enfermeira wa ku Moatize: Ayi ndithu, yotsala ndi yotaya. Fita ya autoclave ikasintha mtundu imangosonyeza kuti paketi yadutsa pa kutentha, osati kuti mkati mwayera. Inu indicador ya mkati mwa paketi, yosonyeza ngati mkatimo mwawira bwino, muli nayo? Kwathu ndiye tikuwerengera ma indicador otsala.