Mwana wandilembera zoopsa m'kope, kodi ndisiye kuwawerengera nkhani?

Banda, Angónia:
Anzanga thandizeni msanga, mutu wanga wayima. Chaka chino ndine diretori wa turuma, kutanthauza mphunzitsi woyang'anira kalasi, ya kalasi 9 kuno ku Mozambique, ana 74. Mphindi 45 za reuniau ya turuma zija, msonkhano wa kalasi uja, ndinatopa nazo, sabata ndi sabata kumangokalipa za yunifomu ndi kujomba. Ndiye kuyambira mu Epulo ndimawawerengera nkhani zopeka, masamba atatu kapena anayi, kenako timacheza. Zinagwira, moti ngakhale anyamata a kumbuyo amene ankathawira kumsika anayamba kukhala mpaka belu. Sabata yatha ndinawerenga ya mnyamata amene bambo ake anapita ku Joni n'kutchona, ndalama osatumiza, foni osaimba. Ndinaimira pakati dala kuti aliyense akamalize yekha kunyumba. Usiku wathawu ndimachonga. Ambiri alemba kuti bambo abwera pa galimoto atanyamula ma TV, ndinaseka. Koma mtsikana wina wofatsa, wa ma 14 ndi 15 mwa 20 pa pauta (pepala la magiredi), wasandutsa mnyamata uja mtsikana, wadzaza masamba awiri, kumapeto akuti mtsikanayo watopa, akufuna kugona osadzukanso, kuti amayi ake apepukidwe pakamwa pamodzi. Tulo sindinatione. A pedagojiko, achiwiri kwa mkulu wa sukulu oona za maphunziro, ndawauza m'mawa, akuti zimenezi sizili mu dosifikasau (ndondomeko ya maphunziro), ndaziputa ndekha. Ndimuitane? Ndiitane mayi ake? Kapena ndi nkhani chabe, ine ndikungodzipanikiza? Ndipo kuwerengaku ndisiye?

Madala Jere, Dómuè:
Mphwanga, a pedagojiko sanalakwe. Siyani. Ife tinalembedwa ntchito yophunzitsa Chipwitikizi, kuti mwana adziwe verebu, akhoze mayeso. Ana akunowa vuto lawo ndi njala ndi ganyu wa m'minda ya mbatatesi. Buku silidyedwa.

Nambewe, Tsangano:
Achimwene a Banda, za kusiya kapena kusasiya tikambe mawa. Za mwanayo ndi lero, asanaweruke. Musadikire sabata yamawa. Pezani mphunzitsi wamkazi amene mwanayo amamasuka naye, mukhale atatu poonekera, pansi pa mtengo kapena m'kalasi chitseko chili pululu. Inu nokha ndi mtsikana m'chipinda ayi, mudzatuluka ndi mlandu wina umene simunaulote. Muyambire pa nkhani yakeyo, mumuyamikire kuti walemba bwino, mufunse za mtsikana wa m'nkhaniyo kaye. Kenako mufunse mosazungulira: iweyo maganizo ofuna kudzipha amakubwerera? Ambiri timaopa kuti tikafunsa timuika nzeru yoipa m'mutu, koma a zaumoyo amaphunzitsa kuti kufunsa sikubzala maganizowo. Akavomera, musamulonjeze kuti musunga chinsinsi, chifukwa simungathe. Mupite naye ku SAAJ, kothandizira achinyamata pa chipatala chanu, iwo amutumize kwa tekiniku wa matenda a maganizo ngati pakufunika kutero. Palinso 116, Linha Fala Criança, nambala ya foni yothandiza ana, yaulere. Mayi ake musathamangire kuwaitana musanamve kwa mwana kuti pakhomo pali zotani. Nthawi zina chomuliza chimagona m'nyumba momwemo.

Banda, Angónia:
Zikomo achemwali. Alipo mayi wa Biyoloje, ndawapeza, avomera. Mwanayo ali ku gulu lamasana, alowa 12:30.

Mbewe, Moatize:
Inu musasiye. Ndikuuzeni zanga. Mu Januwale 2022, namondwe Ana atadutsa, mtsinje wa Revúbuè utasefukira n'kuwononga mlatho, tinatsegula chaka ndi ana amene makope, zovala, mbuzi, zonse zinapita ndi madzi. Panali mnyamata wina wamtali, kale anali wa phokoso, koma anabwera ngati wina wamuzimitsa. Ukamufunsa akuti ndili bwino. Mwezi wathunthu ndili bwino. Tsiku lina mvula inayamba kugunda malata, phunziro silikumveka, ndiye ndinangotenga kabuku ka nkhani kuti nthawi ipite, ndikuwerenga mokuwa. Inali ya mwana amene anataya galu wake pa mtsinje. Galu chabe. Nditafunsa kuti mwanayu akanatani, anzake akuti akanasambira, akanaitana anthu. Mnyamata uja ali chiweramire anangoti, sakanatha, madzi akamabwera usiku suona chilichonse, umangomva. Kalasi yonse zii. Pambuyo pake ndinamva kuti usiku wa madziwo anagwira mng'ono wake dzanja, dzanja linapulumuka. Mng'onoyo anapezeka wamoyo m'mawa atakakamira mtengo, koma mkuluyu ankadziona ngati wakupha. Za iye mwini sakanandiuza ngakhale ndikanamukoka lilime. Za mwana wa galu anatha kunena. Mwana wanuyo a Banda wachita chimodzimodzi, wabisala kumbuyo kwa mtsikana wa m'nkhani kuti akuuzeni. Nkhani yanu sinamupatse maganizowo, anali nawo kale.

Madala Jere, Dómuè:
Ndiye mnyamata wanuyo anakhoza? Funso langa ndi limenelo. Kumapeto kwa chaka amafuna pauta, safuna misozi.

Mbewe, Moatize:
Anabwereza kalasi, Madala. Koma sanasiye sukulu.

Phiri, Ulónguè:
Ndiponyepo zimene ndinawerenga, mwina zithandiza pokambirana ndi a pedagojiko. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la OMS limati mwa ana 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo. Gawani 74 yanuyo, mupeza ana ngati 10. Wakulemberani ndi mmodzi, ena aja ali phee akukopera manotsi. Koma tisakokomeze kuti nkhani zopeka ndi mankhwala. Mu 2013 a Kidd ndi a Castano a ku New York analemba mu magazini ya Science kuti munthu akawerenga nkhani zopeka zolembedwa mwaluso amazindikira bwino zimene mnzake akumva mumtima. Zinatchuka kwambiri. Koma mu 2016 ena atabwereza kafukufuku yemweyo sanapeze zofanana. Ine chimene ndimaona ndi maso anga n'chakuti mwana akamva kuti wina, ngakhale wopeka, akudutsa m'zimene iye akudutsamo, amasiya kudziyesa wolodzedwa. Amapezanso mawu. Kunotu mwana sanena kuti ndili ndi nkhawa, amati mutu, amati mtima ukuthamanga, amati ndikungoganiza kwambiri, ife n'kumupatsa parasetamolo.

Chenjezo langa: nkhani imene munthu amadzipha n'kuoneka ngati wapambana, kapena yofotokoza njira yake, musaibweretse m'kalasi. Goethe atatulutsa buku la Werther mu 1774 kunamveka kuti achinyamata ena akutsanzira, ndipo mpaka lero akatswiri amatchula vuto lotsanzirali ndi dzina lomwelo la Werther. Komanso kope la mwanayo musaliwerenge pagulu, ngakhale mutabisa dzina. Ana amadziwana zolemba.

Naphiri, Zóbuè:
Ine ndinapsa nazo, ndiye mverani. Chaka chatha ndinawerenga nkhani ya mtsikana wokwatiwitsidwa kwa mkulu wa golosale chifukwa cha ngongole ya feteleza. Sindinadziwe kuti m'kalasi momwemo muli wina amene zake zinali zitapsa kale, ankangodikira kukolola. Anzake onse ankadziwa, ine ndekha ayi. Ndili pakati powerenga ndinangoona mitu ikutembenukira kwa iye, wina n'kuseka. Mwana anatuluka, masiku atatu osabwera. Lachinayi kunabwera amalume ake, chipewa chili kumutu mpaka mu ofesi, akuti ndani wakutumani kuti muzinyoza banja lathu pamaso pa ana. Ndinawauza za lamulo la 19/2019 loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18, anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti lamulolo lidzawabwezere feteleza. Nkhaniyo inathera kwa amfumu, mwana anabwerera, koma ine miyezi iwiri ndinkapita kumsika mozemba. Musanasankhe nkhani dziwani kaye turuma yanu. Funsani shefu wa turuma, mwana wotsogolera anzake uja, mwamseri kuti ndani waferedwa, ndani bambo ake anachoka. Ya ku Joni ija kwa ife kuno ndi theka la kalasi.

Banda, Angónia:
Apo ndavomera, ndinaphonya. Sindinafufuze. Ndinangoona kuti nkhaniyo ndi yokoma.

Madala Jere, Dómuè:
Mwaonatu. Mukutsegula zilonda mulibe bandeji. Ine ndayamba kugwira choko ena a inu musanabadwe. Tinaphunzitsa ana obwerera kuchokera ku misasa ya ku Malawi nkhondo itatha mu 1992, ana oona zinthu zoti inu simungagone mutazimva. Palibe amene tinamuwerengera nthano. Tinawapatsa tebulo la kuchulukitsa ndi dikitado, lero ena ndi manesi, ena ndi apolisi. Mwana amalimba ndi ntchito. Buku silidyedwa, ndanena kale.

Nambewe, Tsangano:
Madala, ulemu wanu ndi waukulu, koma mukuwerenga amene anakhala manesi. Amene anathera mu kachasu simukuwawerenga. Ndiponso inuyo simunakulire pa nthano? Agogo akati padangokhala, inu simunkayankha kuti tili tonse? Nthano za mwana wamasiye wozunzidwa ndi mayi womupeza ankazinenera chiyani pamoto, ana amasiye ali pomwepo? Ankadziwa chimene akuchita. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo ankagona nawe nyumba imodzi, akakuona ukulira usiku ankakufunditsa. Ife belu likalira timabalalika.

Madala Jere, Dómuè:
Agogo sankalandira malipiro a boma. Ife timalandira kuti timalize pulogalamu.

Mwale, Furancungo:
Funso langa ndi la chinenero. Mumawerenga m'Chipwitikizi kapena m'Chinyanja? Ine ndinaona kuti ndikafunsa m'Chipwitikizi amayankha atatu omwe aja, mayankho a pamayeso, personagem principal, espaço, tempo. Ndikangoti tiyeni tikambe m'chathu, m'kalasi mumabuka moto, ngakhale amene sanayankhulepo chiyambire Febuluwale. Za mumtima mwana sanganene m'chinenero chimene akuopa kulakwitsa verebu. Paja kuphunzitsa m'zinenero ziwiri anayamba kukuyesa konkuno ku Tete m'Chinyanja mu 1993, nthawi ya pulojekiti ya PEBIMO, pamodzi ndi ku Gaza m'Chichangana, koma mwana akafika ku sekondale zonse zimathera pa geti. Ine ndimawerenga m'Chipwitikizi kuti akabwera oyendera ndikhale ndi ponamizira, kucheza kokha m'Chinyanja.

Banda, Angónia:
Chimodzimodzi. Koma mwanayu walemba m'Chipwitikizi mpaka pakati, kumapeto kokhako ndi kumene wasinthira m'Chinyanja. N'chimene chinandiopsa kwambiri.

Naphiri, Zóbuè:
Eee. Pitani mukamuone basi.

Mwale, Furancungo:
Nanga mabukuwo mukuwapeza kuti anzathu? Ine ndinali ndi katoni imodzi, mabuku 23, ena a Chichewa ndinagula ku Dedza kwa mnyamata woyala pansi. Ndinabwereketsa ana kuti azikawerenga kunyumba. Anabwerera 9. Limodzi ndinalipeza pamsika mayi wina akukulungira zitumbuwa, tsamba 40 mpaka 60 mulibe. Lina agogo ake a mwana anapichirira fodya, akuti pepala lake ndi lofewa bwino. Otsalawo ndinatsekera mu kabati pa holide, pobwera ndinapeza chiswe chamanga nyumba. Panopa sindibwereketsanso. Ndimawerenga ndekha mokweza, buku limagona kwanga mu ndowa yotseka.

Phiri, Ulónguè:
Kuwerenga mokweza kuli ndi ubwino wake, a Mwale. Mumaona nkhope. Mwana akawerengera kunyumba pa tochi ya foni, zikamukhudza amakhala yekha. Ine ndimasiya mphindi 10 zomaliza zopanda chochita, ndimanamizira kulemba mu livuru ya turuma, buku la kalasi lija, kuti wofuna kutsalira atsalire. Ndipo osamangowerenga zachisoni. Sabata ina ikani yoseketsa, ya Kalulu kapena ya wakuba wopusa. Mwana amene kwawo kuli maliro osatha amafunanso mphindi 45 zoiwala.

Madala Jere, Dómuè:
Mphindi 45 zimenezo mukanabwereza ma verebu. Mu Novembala mudzandikumbuka.

Mbewe, Moatize:
Madala, mu Novembala timakukumbukani chaka chilichonse, musadandaule.

Koma chenjezo lina a Banda, dzisamaleni inunso. Ana akadziwa kuti mumamvetsera, amabwera ambiri. Ine chaka chija ndinafika pomalota madzi. Wina akufuna ya sopo, wina akuti bambo omupeza amamulowera, wina akufuna akagone kwanu chifukwa akuopa kubwerera. Simungasenze zonse. Zina n'zofunika apolisi ndi a zachitukuko cha anthu, osati mphunzitsi wa Chipwitikizi. Lembani tsiku ndi zimene mwachita pa pepala, a diretori asayine, kuti mawa wina asadzati munabisa.

Mwale, Furancungo:
Pepani ndipatuke pang'ono. Kodi kwanuko za maola owonjezera zalowa? Kuno tikungomva mawa mawa.

Naphiri, Zóbuè:
Kuno ayi. Ndipo msonkhano wa ZIP, wa aphunzitsi a masukulu oyandikana, Loweruka lino auika 7:30, shapa (minibasi) yoyamba imafika 8 koloko ikakhala kuti yadzuka bwino.

Madala Jere, Dómuè:
Zimenezo ndiye nkhani zoti tizikamba pano.

Nambewe, Tsangano:
Achimwene a Banda, 12:30 yadutsa kalekale. Mwanayo anabwera?

Mwale, Furancungo:
A Phiri, ndowa yosungira mabuku ija ndi ya malita 20, ya chivindikiro cholimba. Ya chivindikiro chofewa mphemvu zimalowa.