Odwala akundibwezera mapiritsi a tensau, akuti ndi a khansa

Tekiniko wa ku Angónia:
Anzanga ndatopa. Pali uthenga wamawu ukuzungulira pa WhatsApp woti mapiritsi a tensau (kuthamanga kwa magazi) amayambitsa khansa. Lolemba lokha atatu andibwezera HCTZ (hidroclorotiazida, piritsi la tensau) m'kapulasitiki. Wina ndi agogo oti ndinavutika nawo mpaka kufika pa 130/80, lero ali pa 178/104, akuti bola adyo. Koma chondisowetsa tulo ndi china. Ndili ndi mayi wachialubino, amalima kachewere, padzuwa kutacha mpaka kulowa, wamwa HCTZ 25 mg tsiku ndi tsiku kwa zaka 6. Wabwera ndi chilonda pa mlomo wam'munsi, m'mbali mwake molimba, miyezi itatu osapola. Ndimusiyitse? Nanga enawa ndiwauze chiyani popanda kuwanamiza?

Namwino wopuma, Moatize:
Mwana wanga, mawu oti khansa musawatulutse pakamwa panu m'chipinda choonera odwala. Mukangotchula, mudzi wonse usiya mankhwala. Ine ndaona AVC (sitiroko) ikugwetsa anthu zaka makumi atatu, khansa ya piritsi sindinaionepo.

Wa ku farimasiya, Tete:
Mphekeserazi zasakaniza nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya mu 2018, pamene valsartan, mankhwala ena a tensau, wopangidwa ndi zipangizo za kampani ya Zhejiang Huahai ku China anapezeka ndi NDMA, chinthu choipa chomwe chingayambitse khansa, kenaka zinakhudzanso ma lote (magulu a mapiritsi opangidwira pamodzi) ena a losartan ndi irbesartan. Linali vuto la kapangidwe ku fakitale, osati la mankhwala enieniwo, ndipo ma lote amenewo anachotsedwa pamsika. Yachiwiri ndiyo yanuyi. Ku Denmark anapeza kuti amene anamwa HCTZ yokwana 50,000 mg yonse pamodzi anali ndi khansa ya pakhungu ya mtundu wa espinocelular mochuluka pafupifupi kanayi kuposa osamwa, ndipo ya pamlomo nayonso inakwera. HCTZ imapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Werengani nokha achimwene: 25 mg kwa zaka 6 ndi 54,750 mg.

Namwino wopuma, Moatize:
Denmark ndi azungu amenewo. Ife khungu lathu ndi lina. Ku Taiwan anafufuzanso sanapeze zomwezo. Musasiyitse munthu mankhwala chifukwa cha za ku Ulaya.

Dokotala wa ku Tsangano:
Amayi, kwa agogo aja mukunena zoona. Koma mayi wachialubinoyu chomwe chimatiteteza ifecho alibe. Khansa ya pakhungu imatha kale abale athu achialubino ngakhale osamwa piritsi lililonse, ndiye tiwonjezerepo chopsereza khungu? Achimwene, chilondacho musachipake mafuta n'kudikira, lembani kalata apite ku Tete akadule kachidutswa kokayeza. Papasani zotupa pansi pa chibwano ndi m'khosi lero lomwe. HCTZ musinthe ndi piritsi lina la tensau, amlodipina 5 mg, koma asachoke wopanda kanthu m'manja. Mumuchenjeze za kutupa akakolo, apo ayi adzasiya yekha. Enalapril musathamangire ngati akadali pa msinkhu wobereka. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, kumunda m'mamawa.

Tekiniko wa ku Angónia:
Amlodipina ndatsala ndi ya anthu asanu basi, rekizisau (kalata yoitanitsira mankhwala) ndinatumiza kalekale.

Namwino wa ku Zóbuè:
Uthenga umenewo kuno unafika kale, unadzera ku Mwanza ndi ochita malonda. Bambo wina woyendetsa njinga yamoto anataya ake onse m'chimbudzi, mkazi wake akumuphikira masamba a chamwamba. Patatha miyezi iwiri anabwera naye atam'goneka pa ngolo, kamwa itapotoka, dovu likutsika, dzanja lamanja lili lende. Mwana wake wamng'ono atagwira nsapato za bambo akewo m'manja. Sindimaiwala. Ndiye mukamalankhula nawo samalani ndithu.

Namwino wopuma, Moatize:
Si izo nanga. Ndanena kale, AVC ndiyo ikupha. Musawauze.

Dokotala wa ku Tsangano:
Kubisa n'kumene kukupatsa mphamvu mauthengawa, amayi. Akawerenga kapepala ka m'bokosi n'kuona chenjezo lomwe ife sitinawauze, satikhulupiriranso. Ine ndimawauza chonchi: mu 2021 anasonkhanitsa mayeso 33 a anthu opitirira 260,000, sanapeze umboni wokhazikika woti mankhwala a tensau amabweretsa khansa. HCTZ ili ndi nkhani ya khungu ndi dzuwa, ndiye muone chilonda chosapola mubwere. Kwa akhungu lakuda sindikuichotsa. Ndipo mu kafukufuku wa CREOLE wa 2019, momwe Maputo analimo, amlodipina ndi HCTZ pamodzi zinatsitsa tensau bwino kuposa perindopril ndi HCTZ.

Wa ku farimasiya, Tete:
Muwafunsenso kumene akugula. Ena akutenga a pamsika opanda bokosi, opanda lote, opanda tsiku lothera. Amenewo ndiye ndimawaopa, chikavuta tilibe chokanena ku ANARME, bungwe la boma loyang'anira mankhwala.

Namwino wopuma, Moatize:
Kaya, ana inu mwaphunzira. Koma ine mawu amenewo sindingamuuze wodwala.

Namwino wa ku Zóbuè:
Poti mwatchula 178/104, munayeza ndi makina a mabatire? Athu mabatire akafooka amangozima pakati. Alipo ali ndi kafu (lamba womanga pamkono poyeza) yaikulu yotsala? Amayi onenepa ndikuwayeza ndi yaing'ono, manambala akungokwera.