Chingwe cha Matambo–Phombeya: mtambo ukaphimba sola, amatseka mpata ndani?

Wa ku Balaka: Akuluakulu, ndithandizeni. Tinene kuti chingwe cha 400 kV chochokera ku Matambo, ku Tete, kudzafika ku Phombeya, ku Balaka, chikugwira ntchito, kenako mtambo waphimba sola ya 60 MW ya ku Salima. Magetsi operewerawo achokera kuti?

Wa gridi: Achokera pachingwe pomwepo, achimwene, popanda wochiuza. Magridi, kutanthauza maukonde a magetsi a mayiko, akalumikizana amayendera limodzi pa liwiro limodzi la magetsi (frequency) la 50 Hz, ndiye kuno kukaperewera, magetsi amangolowa kuchokera ku Mozambique m'masekondi. Vuto n'loti olowawo aposa amene munagwirizana. Pamsika wa SAPP, wogulitsirana magetsi pakati pa mayiko a kum'mwera kwa Africa, mumagula dzulo lake, ola ndi ola, ndipo zopitirira zimawerengedwa, mudzabweza kapena kulipira. N'chifukwa chake makina ena oyendera madzi a ku Nkula kapena Tedzani sawayendetsa mpaka pamapeto, amasiyako mpata wowakwezera msanga. Batire ya 5 MW ya ku Golomoti imayankha mofulumira kuposa makina a madziwo, kungoti ndi yaing'ono.

Mayi wa ku sabusiteshoni: Musaiwale voteji, mphamvu yokankha magetsi m'chingwe. Chingwe cha makilomita 218 chikanyamula zochepa, monga masana dzuwa likuswa mtengo, voteji kumapeto imakwera. Ma shunt reactor, zipangizo zolumikizidwa kuchingwe pa sabusiteshoni, ndiwo amaitsitsa.

Wa gridi: Zoona, mayi. Koma choopsa kwenikweni ndi mphezi kugwetsa chingwecho. Zonse zomwe mumaitanitsa zimasowa kamodzi, ndipo ma inverter a sola, omwe amasintha magetsi a sola kuti alowe pagridi, alibe chitsulo cholemera chozungulira chochedwetsa kugwa kwa frequency. Mpata wosungidwa ukachepa kuposa zolowa, ma relay, zipangizo zoteteza gridi, amayamba kudula ma feeder, zingwe zopititsa magetsi kumadera.