Visa yokagwira ntchito ya animation kunja, ndiyambire pati?

Chiko_3D: Abale thandizeni, ndakhala ndikupanga animation pa pulogalamu ya Blender zaka 4 koma kuno maoda ndi a ma advert basi. Ndikufuna UK kapena Joni, visa yake ndi iti?

Mai_Tadala: Ku UK njira zodziwika kwambiri zilipo ziwiri achimwene. Skilled Worker imafuna kampani ikulembeni kaye ntchito ndikukupatsani sponsorship, opanda imeneyo musataye ndalama. Global Talent siifuna bwana koma ndiyovuta, a mafilimu ndi animation mapepala awo amaunika ndi a Pact (bungwe la makampani opanga mafilimu ndi mapulogalamu a TV ku UK) ndipo amafuna ma award akuluakulu, osati ma like a pa Facebook. TB test musaiwale.

Bambo_Yamikani: Ine ndingati yambani Cape Town. Studio ya animation ya Triggerfish ili konko, ndi amene anapanga katuni ya Supa Team 4 ya Malenga Mulendema wa ku Zambia, inatuluka pa Netflix 2023. Koma masiku 30 amene timalowera ku Joni opanda visa aja ndi ochezera, simungagwirire ntchito, pamafunika work visa ndithu.

Chiko_3D: Zikomo kwambiri, nanga Canada?

Mai_Tadala: Vancouver ndi Montreal kuli ma studio ambiri koma nakonso job offer kaye, nthawi zambiri ndi LMIA yomwe (chikalata cha boma la Canada chololeza kampani kulemba ntchito munthu wakunja). Konzani showreel (kavidiyo koonetsa ntchito zanu), yaifupi koma yamphamvu.