Mwana wa malemu mchemwali wanga sadziyankhulira, ndimuthandize bwanji?

Mayi a ku Rosettenville: Abale anga, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ndikusunga mwana wamkazi wa mchemwali wanga amene anabwera kuno ku Joni, ku South Africa, kuchokera ku Ntcheu mayi ake atamwalira. Ndi waulemu komanso wanzeru, koma akalakwiridwa amangowerama osanena kanthu. Ku kiliniki anamubweza osathandizidwa ndipo sanafunse chifukwa chake, m'takisi anamupatsa chenji choperewera iye n'kungotsika. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton, ndimachoka m'bandakucha n'kubwerako kutada, moti sindingamuyimire paliponse. Bambo ake aang'ono amene analonjeza pamaliro kuti azithandiza sayankhanso foni, eni nyumba akweza lendi, ndipo alamu anga akufalitsa kumudzi kuti mwanayu ndamusandutsa wantchito. Ndikufuna aphunzire kudziyankhulira komanso azitenga nawo mbali pa zochitika za m'dera lino. Ndiyambire pati?

Achemwali a ku Braamfontein: Pepani mayi ndi zovutazo. Simunatiuze kuti mwanayo ali ndi zaka zingati komanso ngati ali pasukulu, pamene malangizo onse adalira pamenepo.

Bambo a ku Mayfair: Mayi, musamuwononge mwanayo, chifukwa ulemu umene anabwera nawo ndi umene udzamupulumutse. Kuno ndi kwa eni. Ine ndinalipo mu May 2008 pamene zipolowe zolimbana ndi anthu ochokera kunja zinayambira ku Alexandra n'kuphetsa anthu oposa 60, ndipo 2015 ndi 2019 ndinazionanso ndi maso angawa. Ndinachotsedwapo ntchito chifukwa chofunsa ndalama za ovataimu, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anandiyimira. Mlendo amagwira ntchito, amatumiza ndalama kwawo, basi.

Aphunzitsi a ku Turffontein: Bambo, mantha anuwo ndi omveka, koma kudziyankhulira si chipongwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati mwanayo ali kusekondale, lamulo la South African Schools Act la 1996 limati sukulu ya boma iliyonse yokhala ndi ophunzira a Grade 8 kupita m'tsogolo ikhale ndi RCL, bungwe limene ophunzira amasankhana okha, ndipo ena mwa iwo amakhala nawo mu komiti yoyendetsa sukulu pamodzi ndi makolo. Kumeneko mwana amaphunzira kufotokoza dandaulo mwadongosolo pamaso pa akulu. Ngati sali pasukulu chifukwa cha mapepala, dziwani kuti mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa zikalata.

Bambo a ku Mayfair: Amenewo ndi malamulo a papepala, aphunzitsi. Pitani mukaime pageti la sukulu ndi chigamulo chanucho muone ngati alonda akakutsegulireni.

Achemwali a ku Braamfontein: Bambo, mukadapita ku CCMA, bungwe loona mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30 chichotsedwereni, nkhani yanu ikadamvedwa, pakuti kumeneko amalandiranso madandaulo a anthu ochokera kunja. Musapatsire mwana mantha amene akuchokera pa bala lanu. Sukulu ikakana mwana, a Lawyers for Human Rights ndi a SECTION27, mabungwe othandiza anthu pa zamalamulo, ali konkuno ku Braamfontein.

Bambo a ku Mayfair: Mwana wa dzulodzulo ngati inu simungandiphunzitse za Joni. Ana athu akutayika chifukwa cha ufulu womwewu, moti masiku ano amayankha makolo ataimirira, manja ali m'thumba.

Mayi a chigwirizano ku Yeoville: Mubwere naye kutchalitchi, mayi. Mwana wanga anafika kuno wosatha kuyang'ana munthu kumaso, koma atalowa kwaya ya achinyamata n'kupatsidwa ulembi, lero amawerenga malipoti pamaso pa mpingo wonse ndipo amatsogolera anzake kukaona odwala. Za alamu anuwo zisiyeni m'manja mwa Mulungu, chifukwa inenso anandinenera zoipa zambiri pamene ndinkasunga ana amasiye.

Achimwene a ku Cosmo City: Vuto lalikulu ndi chiyankhulo, ndipo palibe amene walitchula. Munthu sungadziteteze m'takisi ngati sudziwa Chizulu kapena Chisutu, ndiye aziyamba wacheza ndi ana a eni dziko m'malo mongokhala ndi Amalawi okhaokha. Popita ku kiliniki azilemberatu mafunso ake papepala, azifunsa mwaulemu dzina la amene akumuthandiza, ndipo inu mukamuperekeza muzikhala chete kuti ayankhe yekha. Mumusungirenso mufoni nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana, 116, imene ndi yaulere.

Mayi a ku Rosettenville: Zikomo nonse. Za kutchalitchi ndiyesa, ngakhale kuti Lamlungu lina amandiitana kuntchito. Koma alamu angawo anaimbanso dzulo, akuti mwanayo ndimubweze kumudzi, pamene sanagulepo ngakhale sopo.

Achemwali a ku Braamfontein: Mayi, tikudikirabe zaka zake komanso za sukulu.

Bambo a ku Mayfair: Alamu anuwo sakulakwitsa pa mfundo imeneyo. Basi imanyamuka ku Park Station, mubwezeni akaphunzire kwawo.