Amayi anzanga, nthawi yopuma mumaipeza kuti?

Amayi anzanga a bizinesi, ndigawireniko nzeru. Ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu, ndipo chiyambireni kukumba thupi langa latheratu. Ndimadzuka 4 koloko ndi chisanu cha mu June chino, kutenthetsera madzi apongozi omwe akudwala shuga, kuphikira ana phala, kenako kuthamangira kumsika kukadikira opikula a ku Blantyre. Mwana wamkulu ali Folomu 4, MSCE yayandikira, ndiye sindingamusenzetse ntchito za pakhomo. Abambo akunyumba amaswera kudimba.

Nsima ya masana ndimaidya dzuwa litapendeka, masiku ena chimanga chootcha basi. Zidendene zang'ambika, msana sukundipatsa mtendere, ndipo ku banki m'khonde ndimangotumiza ndalama, anzanga sindionana nawonso. Ena akuti ndizimwa Panado, koma Panado angagone tulo m'malo mwanga?

Inu mumatani nyengo ngati ino? Mukatseka benchi tsiku limodzi pa sabata makasitomala sathawa? Kapena ndilembe mtsikana wondithandiza, nanga kunoko amalandira zingati pamwezi? Chondivuta kwambiri n'chakuti, alamu anga ndiwauze bwanji kuti tizisinthana kusamalira mayi awo, osaoneka ngati ndatopa nawo?